Mmene ndinaonongera shafiti ya chigayo ndi giya ya torno ndisanadziwe zogwirira zake

Ndinabadwira ku Dómuè m'boma la Angónia, ndipo nditasiya sukulu ndinatsikira ku Moatize kukafuna ntchito, monga anachitira anyamata ambiri akwathu migodi ikuluikulu yatsopano ya malasha itayamba ntchito mu 2011. Kumgodi sindinalembedwe. Malo amene ndinapeza anali m'ofisina ina yaing'ono, nyumba yokonzeramo zitsulo, ya m'mphepete mwa msewu waukulu wochokera ku Tete kupita ku Zóbuè, kumene tinkawotcherera zitsulo, kukonza mapampu a madzi, ndiponso kusema mashafiti ndi mabawuti a malole ndi a zigayo. Pakona pa ofisinayo panali torno yakale, makina aja amene amazungulitsa chitsulo kwinaku mpeni ukuchisema, omwe anzathu a ku Malawi amawatcha lathe. Ndikulembera munthu amene akuyembekezera kuima kutsogolo kwa makina otere koyamba, chifukwa zimene zinandichitikira pa torno imeneyo zinandidyera ndalama zambiri, zinaimitsa chigayo cha mayi wina m'nyengo ya zokolola, ndipo zinatsala pang'ono kundichotsa diso.

Miyezi yoyamba ntchito yanga inali kusesa nyenyeswa za chitsulo, kuthira oyilo m'njanji za makina, ndi kupatsira zida a Mestre, mmisiri wathu wamkulu. A Mestre anali bambo wachikulire wochokera ku Macanga amene anaphunzira ntchitoyi kalekale, ndipo ziwalo za makina ankazitchula m'Chipwitikizi ngakhale nkhani zina zonse tinkakambirana m'Chichewa. Sanali munthu wofotokoza. Manja awo ankachoka pa chogwirira china kufika pa china osayang'ana n'komwe, ndipo ine, poti ndinkaonerera tsiku ndi tsiku, ndinayamba kudziyesa wodziwa. Maso anga ankangotola chitsulo chikusemeka bwino. Zimene dzanja la a Mestre linkachita kumunsi kwa ngolo, kapena pamene phazi lawo linkakhala nthawi yonseyo, sindinazione.

Kuti zotsatirazi zimveke, ndifotokoze mmene zogwirira za makina athuwo zinakhalira. Kumanzere kuli mutu wa makina, momwe muli magiya ozungulitsa busha, chija cha nsagwada zitatu chimene chimaluma chitsulo. Pamutupo pali zogwirira zosankhira liwiro, ndipo kumunsi kwake kuli bokosi lina la magiya losankhira mayendedwe a mpeni ukamayenda wokha komanso kutalikirana kwa mazinga, mizere yozungulira ija ya pa bawuti imene nati imayendamo. Pakati pali ngolo yonyamula mpeni, imene a Mestre ankaitcha carro, ndipo ili ndi magudumu atatu opukusa ndi manja: lalikulu loyendetsa ngolo yonse kumanzere ndi kumanja, lachiwiri lolowetsa mpeni m'chitsulo kapena kuutulutsa, ndi laling'ono lapamwamba limene limapendeketsedwa posema nsonga. Kumaso kwa ngoloyo kuli zogwirira ziwiri zoyandikana. China chimachititsa ngolo kuyenda yokha pang'onopang'ono posema wamba, pamene chinacho chimatsekera nati ya zibenthu ziwiri pa bawuti lalitali loyenda utali wonse wa makina, ndipo ntchito yake ndi yodulira mazinga basi. Chakumanja kwa ngolo kuli chogwirira cholizira makina, chimene mukachitsitsa busha imazungulira kutsogolo, mukachikweza imabwerera m'mbuyo, ndipo chikakhala pakati imaima. Pansi penipeni pali chitsulo chachitali chopondapo, chomwe ndi buleki, ndipo pamutu pa makina pali batani lofiira lozimitsira mwadzidzidzi. Mwa zonsezi ine ndinkadziwa magudumu awiri ndi chogwirira cholizira. Zotsalazo ndinkazidziwa mayina okha.

Patapita nthawi a Mestre anayamba kundilola kusema tizitsulo tosafunika kwenikweni iwo ali pafupi, ndipo ndinagwa m'chizolowezi chokonda liwiro, poganiza kuti makina akamathamanga ndiye kuti ntchito ikuyenda. Nyenyeswa zinkatuluka zabuluu, nsonga ya mpeni inkapsa n'kubuntha, ine n'kumadandaula kuti mipeni yathu ndi yachabechabe. Sindinkadziwa kuti liwiro limachita kuwerengedwa. Mpeni wa chitsulo cholimba chotchedwa HSS, umene timanola tokha pamwala, umasema bwino chitsulo chofewa chikamaudutsa pa liwiro la mamita 25 mpaka 30 pa mphindi. Kuti mudziwe kuti busha izungulire kangati pa mphindi, mumachulukitsa mamitawo ndi 1000, kenako mumagawa ndi kukula kwa chitsulo m'mimba mwake mutakuchulukitsa ndi 3.14. Chitsulo cha mamilimita 50 chimafuna kuzungulira pafupifupi ka 190 pa mphindi, cha mamilimita 25 pafupifupi ka 380, kutanthauza kuti chitsulo chikamanenepa liwiro liyenera kumatsika. Mipeni ya carbide, ija ya nsonga yolimba kuposa HSS, imapirira liwiro loposa pamenepo katatu kapena kupitirira apo, koma imabenthuka msanga ikagundidwa. Zogwirira zosankhira liwiro nazo sizisunthidwa busha ikuzungulira. Mumaimitsa makina kaye, kenako mumasuntha chogwirira kwinaku mukugwedeza busha ndi dzanja mpaka mano a magiya atalumana bwinobwino.

Tsoka linabwera m'mwezi wa June, chimanga chitalowa m'nkhokwe ndipo zigayo zikulira kuyambira m'mamawa mpaka usiku. A Mestre anaitanidwa ku maliro a achimwene awo ku Furancungo, ndipo ponyamuka anandiuza kuti ndizilandira ntchito n'kumazilemba m'kabuku, koma torno ndisaiyatse. M'mawa mwake kunafika mayi wina wa ku Zóbuè atanyamula shafiti ya chigayo chawo yokulunga m'thumba. Malo okhalapo beringi anali atadyeka, chigayo chinali chitaima, ndipo anthu anali atayamba kusenza matumba awo kupita ku chigayo cha mudzi wina. Atamva kuti a Mestre kulibe anakhala pabenchi atagwira tsaya.

"Mwananga," anatero mayiwo, "ndachokera kutali, ndipo ndalama yokwerera chapa sindingaipezenso kachiwiri. Kodi iweyo sungathe?"

Ndinayankha kuti, "Amayi, musadandaule, ntchito imeneyi timaichita tsiku lililonse. Pofika madzulo mukhala mutanyamuka nayo."

Mnzanga wowotcherera anadzaza malo odyekawo ndi chitsulo chatsopano, ndipo shafiti itazizira ndinailumitsa pa busha, mbali inayo n'kuichirikiza ndi nsonga ya contraponto, chochirikiza chija chimakhala kumapeto kwa makina. Ndinasema mabampu a chowotchereracho mpaka pakimetro, chida choyezera kunenepa kwa chitsulo, inaonetsa mamilimita 51. Beringi inali ya bowo la mamilimita 50, choncho m'mutu mwanga nkhani inali yapafupi: kwatsala milimita imodzi. Pa gudumu lolowetsa mpeni pali mphete ya timizere, ndipo pa makina athu kamzere kalikonse kanali 0.02 ya milimita. Ndinawerenga timizere 50, ndinalowetsa mpeni, ndipo ndinasema mtima uli m'malo. Nditayeza ndinapeza 49. Ndinapukuta pakimetro pamalaya n'kuyezanso, koma inanenabe 49, ndipo beringi nditaiyesa inangotsetsereka yokha mpaka kumapeto n'kumagwedera. Thukuta linandituluka ngakhale kunja kunali kozizira.

Chifukwa chake ndi chosavuta munthu akakuuzani. Chitsulo chimazungulira, ndiye mpeni ukalowa milimita imodzi umachotsa milimita imodzi kuzungulira chitsulo chonse, moti m'mimba mwake mumachepa ndi mamilimita awiri. Pa torno zina mphete inalembedwa moganizira kale zimenezi, ndipo nambala imene mukuwerenga ndi yomwe ichoke m'mimba mwa chitsulo. Pa zina, monga yathu ija, mphete imangonena mtunda umene mpeni wayenda. Si nthawi zonse pamene mungasiyanitse pongoyang'ana, koma kuyesa kwake sikutenga nthawi. Tengani kachitsulo kotayidwa, kasemeni pang'ono, yezani, ikani mphete pa ziro, lowetsani timizere 10, semaninso ndi kuyezanso. Ngati kamzere ndi 0.02 ndipo mwachoka 0.2, mphete ikuwerenga m'mimba mwa chitsulo. Ngati mwachoka 0.4, nambala iliyonse imene mukufuna kuchotsa muziigawa pawiri musanagwire gudumu.

Choyenera pamenepo chinali kuwauza mayiwo zoona ndi kudikira a Mestre. M'malo mwake ndinawauza kuti apite akadye nsima kumsika, ndipo ndinanyengerera mnzanga kuti awotchererenso. Chifukwa cha phuma anawotcherera mbali imodzi yonse kenako n'kupita mbali inayo, m'malo mosinthanitsa mbali pang'onopang'ono, ndipo motowo unapinda shafiti pang'ono, zimene ndinaziona itayamba kuzungulira movina. Dzuwa linali litapendeka. Pofuna kufulumira ndinakweza liwiro, ndipo kwa nthawi yoyamba popanda a Mestre ndinagwetsa chogwirira choyendetsa ngolo yokha. Ngolo inayamba kukwawa kulunjika ku busha, ndipo malo a beringi amene ndinkasemawo ankathera pafupi kwambiri ndi nsagwada.

Mpeni utafika pamene ndinkafuna kuti uime, ndinatambasula dzanja osayang'ana, monga ndinkaonera a Mestre akuchita, koma chimene ndinagwira chinali chogwirira cha mazinga. Sichinasunthe, chifukwa makina anapangidwa moti zogwirira ziwirizi zisagwire ntchito nthawi imodzi, ndipo m'malo mochisiya ndinachikoka ndi mphamvu zanga zonse. Buleki inali kutsogolo kwa zala za phazi langa koma sinabwere m'maganizo, ndipo batani lofiira nalonso sindinalikumbukire. Nsagwada ya busha inamenya mpeni ndi chomangira chake, makina onse anagwedezeka, kachidutswa ka mpeni kanandicheka pamwamba pa diso lamanja, ndipo kumanzere, kuseri kwa chivundikiro, kunamveka mano a giya akuthothoka. Amene anazimitsa makina anali mnzanga uja, pa switchi yaikulu yapakhoma. Magalasi oteteza maso anali atapachikidwa pamsomali, chifukwa anali okalikakalika ndipo ndinkati amandilepheretsa kuona timizere. Kuchipatala anandisoka pa nsidze, ndipo namwino anandiuza kuti kachitsuloko kakanatsika ndi chala chimodzi chokha, diso likanapita.

A Mestre atabwera sanakalipe monga ndinkayembekezera, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa bala. Anayang'ana bandeji yanga, anayang'ana shafiti, kenako anatsegula chivundikiro n'kutolera mano a giya m'dzanja.

"Iwe mwanawe," anatero, "pamene ngolo inkapita ku busha, phazi lako linali kuti?"

"Linali pansi, a Mestre."

"Nanga pansi pomwepo pali chiyani?"

Sindinayankhe. Iwo anapitiriza kufufuza, ndipo anapeza chinthu china chimene aliyense wogula kapena wogwiritsa ntchito torno yakale ayenera kuchiyang'ana. Pa ndodo imene imayendetsa ngolo pamakhala kaphini kofewa, kawirikawiri ka mkuwa kapena ka aluminiyamu, kamene kanaikidwa dala kuti kazithyoka ngolo ikagunda, magiya n'kupulumuka. Pa makina athu munthu wina m'mbuyomo anali atakhomerapo chidutswa cha chitsulo cholimba m'malo mwa kaphiniko, ndiye mphamvu yonse ya kugundako inakathera pa mano a giya. A Mestre ananena mosabisa kuti mbali imeneyo mlandu sunali wanga ndekha, ndipo mtengo wa giya tinagawana.

Shafiti ija inali yosakonzekanso. Tinawoloka mlatho wa Samora Machel kukagula chitsulo chatsopano m'tauni ya Tete, ndipo popeza giya imene inathothokayo ndi imene imapereka mphamvu ku bokosi la mayendedwe a mpeni ndi ku bawuti la mazinga, a Mestre anasema shafiti yonse akupukusa gudumu ndi dzanja. Mazinga a kumapeto kwake tinakadulitsa ku ofisina ina, kumene tinalipira. Mayi aja anagona kwa achibale pafupifupi sabata yathunthu, sitinawalipiritse kalikonse, koma makasitomala amene anataya m'masiku amenewo panalibe wowabwezera, ndipo pakhomo pathu sanapondeponso.

Giya inavuta kuposa shafiti. Mu Tete sinapezeke, choncho tinatumiza uthenga ku Beira kudzera mwa dalaivala wina wa lole, wonena za chiwerengero cha mano ndi kukula kwa bowo. Giya imene inabwera inali ndi mano okwanira chiwerengerocho koma okula mosiyana ndi a magiya anzake, moti sinalumane nawo, ndipo tinataya ndalama ndi nthawi. Kachiwiri tinatumiza giya yothothokayo kuti aonerepo, zimene tikanachita poyamba pomwe. Zonse pamodzi torno inakhala yosadula mazinga kupitirira mwezi ndi theka, ndipo ntchito zambiri za mabawuti a malole tinazibweza. Kwa miyezi inayi ankandidula gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro anga. Chaka chimenecho sindinatumize ndalama ya feteleza kwa amayi anga ku Dómuè, ndipo munda wa mbatata ya kachewere anaulima theka lokha.

Usiku wina ndinali nditalongedza chikwama kuti ndibwerere kumudzi ndisanathamangitsidwe. Koma m'mawa mwake a Mestre anazimitsa switchi yapakhoma, anaikapo loko, kiyi n'kuika m'thumba mwawo, ndipo anandiimika kutsogolo kwa torno. "Safunsa anadya phula," anatero, "koma inenso sindinakuphunzitse. Makinawa sudzawayatsanso mpaka manja ako atawadziwa magetsi kulibe."

Anayambira pa zoimitsira, osati pa zosemera. Ankandiuza kuti nditseke maso, iwo n'kufuula kuti "Buleki!" kapena "Batani!" kapena "Masula ngolo!", ndipo ine ndinkayenera kuponda, kumenya kapena kukweza chogwirira choyenera popanda kupapasa. Ndikagwira cholakwika tinkayambiranso. Kenako tinapita pa magudumu, ndipo ndisanapukuse lililonse ankandifunsa kuti, "Mpeni upita kuti?", ine n'kuyankha kaye kenako n'kupukusa kuti tione ngati ndanena zoona. Pa makina athu gudumu lachiwiri mukalipukusa motsatira kayendedwe ka mivi ya wotchi mpeni umalowa m'chitsulo, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndikafunsidwa mwadzidzidzi ndinkayamba ndaima kaye kuganiza, pamene ndinkadziyesa wodziwa. Manyazi analipo, makamaka madalaivala akamadikira ntchito zawo n'kumaseka mnyamata amene akuvina ndi makina ozima. Koma masabata amenewo ndi amene anandipatsa ntchito imene ndikudyera lero, ndipo ndikuona kuti wophunzira aliyense ayenera kupempha kuti ayambire pomwepa, ngakhale mphunzitsi wake asanaganize zimenezo.

M'masiku omwewo ndinamvetsa chifukwa chimene miyezo yanga inkasemphanira ngakhale ndikawerenga timizere molondola. Bawuti limene limayendetsa mpeni ndi nati yake sizigwirana kotheratu. Pakati pake pamakhala mpata, ndipo makina akamakalamba mpatawo umakula. Mukapukusa gudumu kulowetsa mpeni kenako n'kutembenuka kuti mubwerere, mphete imayenda timizere tingapo mpeni uli chiimire, mofanana ndi ng'ombe zimene zimayamba kuyenda pulawo isanasunthe chifukwa unyolo sunakungike. A Mestre anandigwiritsa chala pa chomangira mpeni kuti ndimve nthawi imene chikuyamba kusuntha, ndipo pa torno yathu mpatawo unali timizere pafupifupi 15. Choncho muyezo muziufikira kuchokera mbali imodzi nthawi zonse. Mukapitirira nambala imene mumafuna musabwerere pang'ono kuti muikonze, koma bwererani theka la gudumu kapena gudumu lathunthu, kenako mulowenso pang'onopang'ono mpaka pa nambalayo.

Anandiphunzitsanso zimene dzanja limachita makina asanalire. Mukamanga chitsulo ndi mpeni, yendetsani ngolo ndi dzanja mpaka pamalo omalizira kusema, kenako zungulitsani busha ndi dzanja kamodzi kathunthu kuti muone ngati nsagwada sizigunda chilichonse, ndipo pamalo amenewo lembani mzere wa choko panjanji kapena mangani choimitsira ngolo ngati makina ali nacho. Ndikanachita zimenezi tsiku lija ndikanaona kuti mpata unali wochepa kwambiri kwa munthu wosazolowera, ndipo mamilimita omalizawo ndikanawasema ndi dzanja, monga ndimachitira mpaka pano. Nsonga ya mpeni iyenera kukhala pa mlingo umodzi ndi pakati penipeni pa chitsulo, ndipo mumailinganiza ndi nsonga ya contraponto poika timalata pansi pa mpeni. Ikatsika imasiya kamchombo pakati mukamasema kumaso kwa chitsulo, ndipo ikakwera imangokhula osadula. Chitsulo chisatuluke pa busha kupitirira katatu kukula kwake m'mimba popanda kuchichirikiza kumapeto. Za kiyi wa busha a Mestre ankangoti, "Kiyi ameneyu ali ndi malo awiri, m'dzanja mwako kapena pamsomali pake," chifukwa kiyi woiwalika pa busha amauluka makina akangolira. Magolovesi, malaya a manja aatali olendewera ndi sanza yopukutira sizifika pafupi ndi chitsulo chozungulira, pakuti chikangokola nsalu chimakoka ndi mkono womwe. Nyenyeswa zazitali zija zimacheka, ndipo zimachotsedwa ndi ngowe ya waya kapena burashi makina ataima. Magalasi atsopano ndinagula ndi ndalama yanga.

Giya yoyenera itafika ndipo kaphini kofewa kataikidwa m'malo mwake, loko anachoka pa switchi, koma sindinayambe ndi chitsulo. Ndinayamba ndi busha yopanda kanthu pa liwiro lotsika kwambiri, ndikugwetsa chogwirira cha ngolo ndi kuchikweza pa mzere wa choko mobwerezabwereza, ngolo ili kutali ndi busha. Pamenepo ndinazindikira kuti pali chogwirira china chimene chimasankha ngati mphamvu ipite ku ngolo yonse kapena ku gudumu lolowetsa mpeni, ndiponso china pamutu pa makina chimene chimatembenuza kumene ngolo ikulowera. Munthu wina akazisiya mosiyana ndi mmene mukuganizira, mpeni umapita kumene simukuyembekezera, choncho muziyesa kaye mayendedwe mpeni uli kutali ndi chitsulo. Kenako ndinasema mapaipi a pulasitiki, ndipo pambuyo pake zitsulo zofewa. Tsiku lina magetsi anazima mpeni uli m'chitsulo, ndipo a Mestre anandiuza kuti nthawi yomweyo nditulutse mpeni ndi kubwezera chogwirira cholizira pakati, chifukwa makina ena akale amayamba okha magetsi akabwerera, mwina dzanja la munthu lili pa busha.

Mazinga tinafikako komalizira, ndipo ndi pamene zogwirira zimafuna mtima wodekha kwambiri. Pa bokosi la magiya pali chimbale chachitsulo chokhala ndi manambala ndi zilembo, chosonyeza malo amene chogwirira chilichonse chiyenera kukhala kuti mazinga atalikirane mmene mukufunira. Bawuti wamba la M20, kutanthauza la mamilimita 20 m'mimba mwake, lili ndi mazinga otalikirana mamilimita 2.5, la M16 mamilimita 2, la M12 mamilimita 1.75, ndipo mpeni wake umanoledwa pa madigiri 60. Chimbale chathu chinali chofufutika m'malo ena, ndiye a Mestre sankachikhulupirira chokha. Ulendo woyamba mpeni unkangokanda kamzere pachitsulo, tinkaimitsa makina, n'kuyeza kamzereko tisanalowetse mpeni mozama. Anandiphunzitsa kuti nati ya zibenthu ziwiri ija ndikaitseka ndisaitsegulenso mpaka mazinga atatha. Mpeni ukafika kumapeto ndimautulutsa kaye, kenako ndimabweza busha m'mbuyo kuti ngolo ibwerere poyambira, ndimalowetsa mpeni pang'ono kuposa poyamba, n'kuyambanso. Njira imeneyi ndi yochedwa koma imagwira pa torno iliyonse, kuphatikizapo zimene bawuti lake lalitali ndi la mainchesi, pomwe mukatsegula nati podula mazinga a mamilimita simungabwererenso mumzere womwewo mosavuta. Dongosolo la manja ndi limene limavuta: kutulutsa mpeni kumayamba, kubweza kumatsatira. Mukabweza mpeni uli m'kati, mpata uja wa m'magiya ndi m'nati umachititsa kuti mpeni ung'ambe mazinga amene mwavutikira. Bawuti loyamba limene nati inalowa bwino ndi dzanja popanda kugwedera ndinaliyenda nalo m'thumba masiku angapo.

Phunziro lina linabwera m'nyengo yotentha ya October ndi November, pamene kuno ku chigwa cha Zambezi kutentha kumapitirira madigiri 40. Ndinasema malo a beringi pa shafiti ya pampu, ndinayeza nthawi yomweyo n'kupeza muyezo wolondola, koma m'mawa mwake beringi inalowa mofewa kuposa mmene inayenera. Chitsulo chimafutukuka pafupifupi 0.012 ya milimita pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, choncho shafiti ya mamilimita 50 imene yatentha ndi madigiri 40 kuposa beringi yake imakhala itanenepa ndi 0.024 ya milimita. Pa malo a beringi kusiyana kumeneko n'kokwanira kusandutsa chothina kukhala chogwedera. Kuyambira pamenepo ndimasiya pang'ono posema, ndimadikira chitsulo chizizire pamthunzi, ndipo muyezo womaliza ndimautenga ndi mikrometro, chida choyeza molondola kwambiri, osati pakimetro.

Patapita zaka ndinapeza ntchito ku ofisina ina ya ku Matundo, kumene kuli torno yaikulu kuposa ya a Mestre. Tsiku loyamba mwini wake anandipatsa shafiti ya lole ndipo anafuna kuti ndiyambe nthawi yomweyo, koma ndinamupempha kuti, "Bwana, ndipatseniko theka la ola ndi makinawa ali ozima." Anyamata a pamenepo anayang'anana, mwina poganiza kuti ntchitoyo sindikuidziwa. Gudumu lalikulu la ngolo linali kumanja pamene ndinalizolowera kumanzere, choncho chogwirira cha mazinga chinali pamalo amene dzanja langa linkayembekezera china. Mphete ya gudumu lachiwiri, nditaiyesa pa kachitsulo kotayidwa, inkawerenga m'mimba mwa chitsulo, mosiyana ndi ya ku Moatize, moti ndikanagawa nambala pawiri monga mwa chizolowezi ntchito zanga zikanamatsala zonenepa. Nditaliza makina opanda kanthu n'kuponda buleki, mota inazima koma busha inapitiriza kuzungulira yokha kwa nthawi ndithu. Anyamatawo anati yakhala choncho kuyambira kale ndipo anazolowera kudikira kuti iime. Titatsegula kumbuyo tinapeza kuti chikopa cha lamba wa buleki chinatheratu, ndipo shafiti ya loleyo ndinaiyamba madzulo, lamba watsopano ataikidwa.